Kusankha Kabodi Koyenera Nchito Yake

M'caka ca 1949 m'dziko muno munafika wailesi yaing'ono yochedwa Saucepan Special, cifukwa inaoneka ngati poto. Sinali yamphamvu monga mawailesi aakulu, koma inalira ndi batire, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Motero inalowa m'makomboni ndi m'midzi mmene munalibe magetsi. Inapambana cifukwa inayenerana ndi malo. Nzeru yomweyo ifunika lero kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Kabanana amene afuna kugula kabodi kake koyamba ka microcontroller.

Kabodi kotere kakwanira pa cikhatho. Pakati pake pali chip, ndiye ubongo wake, ndipo m'mbali muli mapini omangapo mawaya. Mwini wake alemba malangizo pa kompyuta, nawatumiza ndi cingwe ca USB. Kabodi kawasunga ngakhale magetsi atazima, ndipo kawatsata usana ndi usiku: kamva cimene cacitika pa pini ina, ndi kuyatsa kapena kuzimitsa cinthu pa pini inzake.

Funso loyamba lisakhale la mphamvu ya kabodi iai, koma la nchito imene kadzagwira. Pa nyumba imene pali citsime, pampu ndi thanki yapamwamba, bvuto lidziwika: pampu ikaiwalika madzi asefukira, ndipo citsime cikaphwa pampu izungulira youma mpaka kupsa. Kabodi kangathe kumva swichi yoyandama m'thanki ndi kuimitsa pampu madzi akadzala. Kangathenso kuwerenga nthawi, ndi kuimitsa pampu ikacedwa kudzaza thanki. Nchito yonseyi ifuna mapini atatu kapena anai okha.

Pa nchito yotere Arduino Uno ikwanira. Arduino inayambika mu 2005 pa sukulu ina ya ku Ivrea, m'dziko la Italy, kuti ophunzira osadziwa za magetsi athe kupanga zinthu, ndipo Uno inatuluka mu 2010. Ili ndi mapini 14 oyatsa ndi kuzimitsa, ndi ena 6 oyesera zinthu monga kutentha. Ndi yocedwa poyerekeza ndi zatsopano, koma ipirira manja a wophunzira, ndipo zitsanzo zake n'zocuruka koposa.

Wofuna kuti kabodi katumize uthenga ku foni ayang'ane ESP32, imene kampani ya Espressif ya ku Shanghai inatulutsa mu 2016. Iyo ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth m'kati mwake. Koma Wi-Fi idya batire, ndiponso magetsi akazima router ya m'nyumba izima nawo, uthenga osapita. Palinso Raspberry Pi Pico ya ku Cambridge, ku England, imene inatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4. Iyo ikondedwa ndi ofuna kuphunzira cilankhulo ca kompyuta ca Python. Pico yoyamba inalibe Wi-Fi. Yokhala nayo ndi Pico W ya mu 2022.

Nchito itadziwika, patsala zinthu zitatu zoti wogula aziyese asanatulutse ndalama.

Coyamba ndi mavolti. Mapini a Uno agwira ndi mavolti 5, koma a ESP32 ndi a Pico agwira ndi 3.3. Kulowetsa mavolti 5 pa pini ya 3.3 kungathe kuononga chip, ndipo chip yopsa sikonzeka. Tsono cipangizo ciliconse codzamangidwa pa kabodi ciyambe cawerengedwa mavolti ake.

Caciwiri ndi kumene mphamvu idzacokera. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, nyumba zambiri za mu Lusaka zinali kukhala pafupifupi tsiku lonse zopanda magetsi. Kabodi kolondera cipata kapena nkhuku kafunika batire, pakuti kakazima pamodzi ndi nyumba kalibe phindu. Ambiri ali ndi batire ya sola ya mavolti 12. Batire imeneyi ikamadzala ipitirira 14, ndipo Uno yolumikizidwa mwacindunji itentha. ESP32 ndi Pico zisakhudze batire yotere konse. Njira yapafupi ndi kuika pakati caja ya foni ya m'galimoto, imene itsitsa mphamvu kufika pa mavolti 5.

Cacitatu ndi thandizo. Mapulani a Arduino ndi osabisa, kotero mafakitale ambiri a ku China apanga zofanana nazo zochipa. Zambiri zigwira bwino, koma zina zili ndi chip ya CH340, imene kompyuta ingalephere kuizindikira kufikira itaikidwa pulogalamu yake. Zingwe zina za USB n'zongocajira, sizitenga malangizo. Wosadziwa izi ataya kabodi kabwino, naganiza kuti n'kakufa. Safunsa anadya phula: n'kwanzeru kugula mtundu umene mnansi kapena mphunzitsi wapafupi audziwa kale.

Cenjezo lalikulu likhudza moyo. Pini ya kabodi ipereka mphamvu yongokwanira kuyatsa kanyali kakang'ono, siingayendetse pampu. Pakati payenera kukhala relay, ndiyo swichi imene mphamvu yaing'ono itsegulira nayo yaikulu. Tsidya lina la relay kuli mavolti 230 a m'nyumba, ndipo amenewo apha, makamaka pafupi ndi madzi. Ogwira nchito ku migodi adziwa kale kuti waya sakhudzidwa swichi isanazimitsidwe. Wophunzira ayese nchito yake yonse pa tebulo ndi kanyali m'malo mwa pampu. Ikayenda bwino masiku angapo, aitane mmisiri wa magetsi adzalumikize mbali ya 230, ndipo kabodi katsekeredwe m'kabokosi kosalowa mvula ndi fumbi.