Land Rover yakale ikukanabe kufa ku Angónia

Mvula ikagwa m'mapiri a ku Angónia, misewu yafumbi yopita kumidzi imasanduka phala. Apa m'pamene Land Rover yakale imakumbukiridwa, kaya potuta matumba a kachewere kaya pothamangira ndi wodwala ku chipatala cha ku Ulongwe.

Galimotoyi inayamba kupangidwa ku Solihull, ku Mangalande, mu 1948. Poti chitsulo chinali chosowa nkhondo itangotha, bodi yake anaipanga ya aluminiyamu, n'chifukwa chake sichita dzimbiri. Koma tchesisi ndi yachitsulo. Matope akaumira m'kati mwake, imadyeka mwakachetechete mwini wake akunyadira penti, tsiku lina n'kuthyoka ili ndi katundu. Makaniko wodziwa ntchito amayamba walowa kunsi ndi hamala, kugogoda uku akumvetsera, asanatsegule n'komwe boneti.

Vuto lalikulu ndi masipeya. Defender ya mtundu wakale inaleka kupangidwa mu Januwale 2016, ndipo kawirikawiri amakaniko amaphwasula galimoto yakufa kuti inzake iyende. Kachitsulo kofunikako kakasowa, ulendo ndi wa ku Lilongwe kudzera pa chipata cha Calómuè, uku kachewere akudikira kumunda.