Madzi a utoto sayera ndi kuwiritsa

Amai ena amene amanyika nsalu mu utoto pakhomo anandifunsa kucipatala ngati madzi otsala angayere atawawiritsa. Iai. Kuwiritsa kapena kuthira klorini kumapha tizilombo ta kolera, koma utoto si kacilombo. Mukawiritsa, madzi amacepa koma utoto umatsala momwemo.

Utoto wambiri wa nsalu ndi wa gulu lochedwa azo. Wina wa utoto umenewu ukasweka m'matumbo a munthu umatulutsa mankhwala monga benzidine, amene amayambitsa khansa ya cikhodzodzo. Dokotala Ludwig Rehn wa ku Frankfurt, m'dziko la Germany, anaona khansayi pakati pa anchito opanga utoto mu 1895. Kuno tikaona magazi m'mkodzo timayamba taganiza za likodzo, koma ndi bwino kuuzanso adokotala nchito imene mumagwira.

Tsono akatswiri akuyesa kuyeretsa madzi otere ndi cinthu cocokera mu mtengo, dzina lake lignin. Ndico cimamata ulusi wa mtengo kuti ulimbe, ndipo ndico cimacititsa nyuzipepala ino kufiira ikakhala padzuwa. Mafakitale a mapepala amacicotsa cambiri ndi kucitentha ngati nkhuni.

Akatswiriwo amasakaniza lignin ndi mankhwala a citsulo, nkumuocha popanda mpweya mpaka akhale ufa wakuda wonga makala. Ufawo amauthira m'madzi a utoto pamodzi ndi hydrogen peroxide, yomwe ija timatsukira mabala. Citsulo cimagawa peroxide kukhala tizidutswa taukali timene timaduladula utoto mpaka mtundu uzilala. Ufawo sutha msanga, ndipo wina amautola ndi maginito nkuugwiritsanso nchito. Poyesa amakonda methylene blue, utoto womwewo timapaka pa makhololo pofufuza TB.

Ndikucenjezeni, zambiri za izi zikali m'malabolatole. Madzi a kufakitale amakhalanso ndi mcere ndi sopo, ndipo kuzilala kwa mtundu sikutanthauza kuti poizoni yense watha. Makala a pambaula angagwireko utoto pang'ono, koma sauphwanya.

M'makomboni mwathu zitsime zambiri ndi zosazama. Musataye madzi a utoto m'ngalande yopita kucitsime kapena kudimba. Valani magolovesi ponyika, ndipo poto wa utoto asabwerere kukhichini.