Mkono wa pedulo ukayamba kugwedera

M'chigwa cha Shire, kuchokera pa Dyeratu kudutsa pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Marka kumalire ndi dziko la Mozambique, njinga yakapalasa imasenza katundu amene kwina amasenzedwa ndi galimoto. Imanyamula matumba a makala, thonje, mapira ndi nsomba, imatengera odwala kuchipatala, ndipo kwa anyamata a kabaza, amene ena kumeneko amawatcha a shapa, ndiyo munda wawo. Zambiri mwa njingazi ndi zamatayala a mainchesi 28, zopangidwa ku India ndi ku China motsata kapangidwe kakale ka njinga za Raleigh za ku Nottingham, ndipo pafupifupi zonse zimadwala nthenda imodzi: mkono wa pedulo umayamba kugwedera, wopalasa n'kumamva kuti phazi likugwa kaye pang'ono njinga isanakoke.

Mkono wa pedulo, umene pa Chingerezi amati crank, ndi chitsulo chotalika mamilimita pafupifupi 170 chimene mbali ina chimagwira pedulo ndipo mbali inayo chimavala ekiselo yapakati, ndiye kuti mtanda wachitsulo wodutsa m'chubu cha pansi pa felemu umene umazungulira pa mabelingi. Pa njinga zamtunduwu mkono ndi ekiselo zimalumikizidwa ndi kotapini, kamsomali konenepa kamene mbali imodzi n'kosemedwa mopendekeka ndipo kumapeto kwake kuli mazinga ndi nati. Ekiselo nayo ili ndi malo osemedwa mosalala, kotero kuti kotapini ikamalowa, mbali yake yopendekekayo imakanikiza pamalo osalalawo monga mmene msuka wa khasu umathinira ukamalowa mumpini.

Kukula kwa mphamvu imene kamsomali kameneka kamapirira n'kumene anthu ambiri sakuganizira. Ekiselo ndi yonenepa mamilimita pafupifupi 16, choncho kotapini imagwira pamtunda wosapitirira mamilimita 8 kuchokera pakati pa ekiseloyo, pamene phazi limaponda pamtunda wa mamilimita 170. Izi zikutanthauza kuti kulemera kulikonse kopondedwa pa pedulo kumachulukitsidwa koposa ka 20 kusanafike pa kotapini, ndipo munthu wa makilogalamu 70 akaimirira pa pedulo pofuna kunyamuka ndi katundu kapena kutuluka mumchenga, kamsomaliko kamafinyidwa ndi mphamvu yoyandikira kulemera kwa tani imodzi ndi theka. Palinso china chimene chimadabwitsa ngakhale okonza njinga ena. Mkono wakumanja ndi wolumikizidwa kale ku giya yaikulu yokoka tcheni, motero mphamvu ya mwendo wamanja simadutsa pa ekiselo, koma mphamvu ya mwendo wamanzere imayenera kudutsa pa kotapini yakumanzere, kulowa mu ekiselo, kudutsanso pa kotapini yakumanja, kenako n'kufika ku tcheni. N'chifukwa chake wopalasa angamve kugwedera kuphazi lamanzere pamene kotapini yotha ili kumanja.

Ntchito yoyamba ndi kupeza pamene pali vuto, popeza matenda atatu osiyana amamveka mofanana kuphazi. Wokonza amaimika mikono yonse iwiri mopingasa, n'kugwira pedulo iliyonse ndi dzanja limodzi, kenako n'kukankhira onse awiri pansi, n'kuwakokeranso m'mwamba. Ngati mkono umodzi ukusuntha unzake uli chiimire, vuto lili pa kotapini. Ngati atagwedeza mkono cham'mbali, kuukankhira kufelemu ndi kuubweza, mikono yonse iwiri ikusunthira pamodzi, ndiye kuti ekiselo ikusewera pa mabelingi, ndipo chofunika ndi kumanga kapu yakumanzere yosungira mabelingi kapena kusintha mabelingiwo, amene pa njinga zambiri zotere amakhala 11 mbali iliyonse. Koma ngati mikono ili yolimba bwino pamene mapedulo nthawi zina amangozungulira chabe tayala osakoka, nthenda ili kumbuyo, mu filiwilo, mmene tizitsulo tokowa mano tatha kapena tamatidwa ndi dothi. Kusintha kotapini pa vuto lachitatuli n'kutaya ndalama.

Cholakwa chofala kwambiri, chimene chimaoneka tsiku lililonse pansi pa mitengo pamene okonza njinga amayala zida zawo, ndi kutenga sipanala n'kumanga nati ya kotapini mwamphamvu poganiza kuti natiyo ndiyo imakoka msomali kuti uthine. Kotapini imapangidwa dala ndi chitsulo chofewa kuposa cha ekiselo, n'cholinga choti pakakhala kudyana ithe ndi iyo, yotsika mtengo, ekiselo ipulumuke. Mazinga ake ndi aang'ono ndiponso ofewa, ndipo akakakamizidwa amangopululuka, kapena kamchira kamazingako kamaduka. Kotapini imathina pokhomedwa kumutu kwake ndi hamala, ndipo nati ntchito yake ndi kungoisunga pamene hamala yaifikitsa.

Kukhomako nako kuli ndi mwambo wake. Mkono uyenera kutsamira pachinthu cholimba, ndipo chabwino koposa ndi kachidutswa ka paipi yachitsulo koimikidwa pamwala kapena pasimenti, kotalika moti tayala linyamuke pang'ono, pakamwa pake patayang'anizana ndi bowo la kotapini kuti mchira wa msomali uzilowamo. Popanda chotsamiracho, nkhonya iliyonse ya hamala imapita ku mabelingi n'kusiya timaenje m'makapu, ndipo pakapita milungu yochepa mwini njinga amabwera ndi dandaulo latsopano lakuti pakati pakukukuta. Wokonza wodziwa ntchito amakhoma kawiri kapena katatu mwamphamvu, n'kumanga nati pang'ono, n'kukhomanso, mpaka pamene kulira kwa hamala kwasintha ndipo nati yasiya kupeza mpata. Njingayo ikayenda masiku awiri kapena atatu, imayenera kubweranso kuti ikhomedwe kachiwiri, chifukwa chitsulo chofewa chija chimakhala chakhazikika ndipo kampata kayambanso.

Makotapini sali a muyezo umodzi. Ofala ndi a mamilimita 9 ndi 9.5, ndipo wocheperapo akalowa m'bowo lalikulu amagwedera ngakhale atakhomedwa bwanji. Ayenera kugulidwa awiriawiri ofanana kupendekeka kwake, ndi kuikidwa motembenuzana, kuti mikono ikakhala mopingasa nati ina iyang'ane kumwamba inzake pansi. Lamuloli likaphwanyidwa mikono siimanso pamzere umodzi, ndipo wopalasa ulendo wa pakati pa Ngabu ndi Nchalo amafika bondo likuwawa osadziwa chifukwa chake. Kotapini yatsopano ikakana kulowa mokwanira, mbali yopendekekayo imapalidwa ndi tupa pang'onopang'ono, mosamala kuti ikhalebe yosalala.

Nyengo ya chigwachi imakulitsa vutoli. M'chilimwe fumbi limalowa pa kampata kalikonse n'kumapera zitsulo, pamene m'dzinja njinga zimawoloka madzi ndi matope, makamaka kutsidya la kum'mawa kwa Shire cha ku Makhanga. Pamadzi osefukira monga a mu Januwale 2015 kapena a namondwe Freddy mu Malichi 2023, njinga imene yamira imasunga madzi m'chubu cha pansi pa felemu, girisi n'kuchoka, dzimbiri n'kugwira. Njinga yotere imafunika kumasulidwa pakati ponse, kutsukidwa ndi kupakidwa girisi watsopano, osati kungoitsira oilo kunja.

Njinga zamakono, monga zothamangira pamsewu wa phula ndi zokwerera mapiri zimene zimabwera zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera kunja, zambiri sizikhala ndi kotapini. Nsonga ya ekiselo yake imakhala ya makona anayi, yocheperako kumapeto, ndipo mkono, umene kawirikawiri ndi wa aluminiyamu, umakanikizidwirapo ndi bawuti yolowa pakati pa ekiselo, yomangidwa ndi sipanala ya 14 kapena kiyi ya makona asanu ndi limodzi ya mamilimita 8. Apa zinthu zimatembenuka: bawuti ndiyo imathinitsa, ndipo hamala siyenera kuyandikira. Chitsulo chofewa pano ndi mkono weniweniwo, kotero kuti kupalasa makilomita ochepa chabe mkono uli wogwedera kumakuza bowo la makona anayi lija, ndipo likakula palibe kumanga kumene kungalibwezeretse. Bawuti imene imamasuka mobwerezabwereza ngakhale yamangidwa bwino ikunena kuti mkonowo watha kale.

Pa njinga za kotapini zija, mankhwala amene ambiri amathamangirako akatopa ndiwo kuwotcherera mkono ku ekiselo. Zifukwa zake n'zomveka, pakuti wa kabaza amene njinga yake yaima salowetsa kanthu tsiku limenelo, ndipo wowotcherera ali pafupi pamsika. Komabe njirayi ndi yowononga. Kutentha kumasungunula girisi ndipo kumafewetsa chitsulo cha ekiselo chimene chinalimbitsidwa kufakitale kuti mabelingi aziyendapo, ndiponso mbali zonse ziwiri zikawotchereredwa pakati sipangatsegulidwenso popanda kudula ndi sowo. Vuto limene likanatha ndi makotapini awiri limadzafuna ekiselo, makapu, mabelingi ndi mikono yatsopano. Kulowetsa msomali wamba kapena kachidutswa ka chitini pambali pa kotapini kungafikitse munthu kunyumba madzulo amenewo, koma kumadya m'mbali mwa bowo la mkono, ndipo bowolo likataya kuzungulira kwake ngakhale kotapini yatsopano ya muyezo woyenera sigwiranso.

Chizindikiro choyamba chimabwera msanga, kugwedera kusanayambe kuoneka ndi maso. Ndi kaphokoso kakang'ono kongoti "ke" kamodzi pa kuzungulira kulikonse, nthawi zonse phazi likafika pamalo amodzimodzi, ndipo kamamveka kwambiri ponyamuka ndi katundu. Pa nthawi imeneyi kotapini imakhala isanadyeke mzere, ndipo paipi, hamala ndi mphindi zisanu n'zokwanira kuibwezera m'malo mwake.