A Sitima a ku Kabwe: dzina lobadwira pa ulendo

M'makomboni a ku Kabwe monga Bwacha ndi Makululu, a Phiri, a Banda ndi a Mwale ndi osawerengeka, koma dzina la bambo ngati Sitima limamveka mwa apo ndi apo. Ena akalimva amaseka, amvekere si dzina lenileni. Chonsecho ndi maina ochepa amene zaka zake tingaziwerenge ngati limeneli. Mawuwa anachokera ku Chingerezi, steamer, ndipo makolo athu sakanawadziwa chombo cha Livingstone chisanakwere mtsinje wa Shire mu 1859, kapena Ilala isanayambe kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1875. Njanji itabwera, mawu omwewo anatuluka m'madzi, tinayamba kunena za sitima yapamtunda.

Apa mpamene Kabwe akulowera. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalopa mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo tauniyi, imene inkatchedwa Broken Hill, inakoka amuna ochokera ku Chipata ndi ku Nyasaland. Ambiri anasanduka matchona. Kalaliki wolemba chitupa ankafuna maina awiri, ndiye dzina limene mwamuna anapatsidwa pobadwa kapena pantchito linkatsalira ana ake, zidzukulu n'kulitenga ngati la banja. Umu ndi mmenenso Foloko, Supuni ndi Tebulo analowera m'mabanja.

Alipo onena kuti maina oterewa ndi zipsera za utsamunda, tingowataya. Zoona, ena anaperekedwa mwachipongwe ndi mabwana aulesi wophunzira maina athu. Komatu kutcha mwana potengera zochitika ndi mwambo wathu wakalekale: wobadwa m'chaka cha njala ankatchedwa Njala, wobadwa pa nthawi ya zovuta, Mavuto. Mwana wobadwa bambo ake atakwera sitima kupita ku mgodi akanatchedwa ndani? Ena amadandaula kuti dzinali limasokoneza chibale. Koma chibale chathu chimasungidwa ndi mfunda ndi mudzi wochokera. A Sitima akafika pamaliro, akuluakulu amafunsabe ngati ali a Phiri kapena a Mbewe.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, ngakhale likulu la Zambia Railways likadali ku Kabwe. Amene anaona masiku oyambawo anatha kale. Wotaya dzinali akhala atafufuta umboni umodzi wotsala wa momwe agogo ake anafikira m'dziko la Alenje.