NDEGE ZA MAPIKO OSANJIKIZA ZA AJEREMANI

Tikamva za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ife a ku Chiradzulu timakumbukira John Chilembwe, amene mu 1914 anadandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Chaka chomwecho Ajeremani anamenyana ndi Angerezi ku Karonga. Koma kodi mukudziwa kuti Ajeremaniwo, amene ankalamula dziko limene lero ndi Tanzania, anali ndi ndege?

Ndegeyo inabwera ku Dar es Salaam mu 1914 ndi Bruno Büchner kuti adzaionetse kwa anthu. Nkhondo itabuka, asilikali anaitenga kuti azizondera adani. Inagwapo, naikonza, ndipo pomaliza injini yake anaiika pa ngolo ya panjanji.

Ndegeyi inali ya mapiko osanjikiza, ena pamwamba ena pansi. Chifukwa chake n'chakuti injini za masiku amenewo zinali zofooka, choncho ndege inayenera kukhala yopepuka. Ankaipanga ndi matabwa n'kuikuta ndi nsalu. Phiko lalitali lamatabwa likakhala lokha silichedwa kuthyoka, koma mapiko awiri akalumikizidwa ndi timitengo ndi mawaya amachirikizana monga mitanda ya denga la tchalitchi. Vuto lake linali lakuti timitengo ndi mawayawo ankakola mphepo, liwiro n'kuchepa.

Ku Ulaya ndege zoterezi zinasintha msanga. Albatros B.II ya mu 1914 inkanyamula anthu awiri, woyendetsa ndi wozonda, ndipo inalibe mfuti. Ntchito yake inali kuona kumene adani ali. Mu 1915 wozonda uja anamuika kumbuyo n'kumupatsa mfuti yachiwaya. Chaka chomwecho kampani ya Fokker inakonza njira yoti zipolopolo zizidutsa pakati pa chopukusa mphepo cha kutsogolo osachiomba. Pofika 1916, Albatros D.I inali ya munthu mmodzi ndi mfuti ziwiri, yopangidwira kugwetsa ndege zinzake. Fokker D.VII ya mu 1918 inali yoopsa kwambiri, moti pangano loleketsa nkhondo linaitchula dzina kuti Ajeremani azipereke zonse.

Taonani anzanga: m'zaka zinayi zokha, chida chimene chinali maso chinasanduka mfuti youluka. Mu 1917 Papa Benedikto XV anachonderera maiko kuti aleke kuphana kopanda phinduko, koma sanamumvere. Nzeru ndi mphatso ya Mulungu. Ife amene tikuphunzira sayansi lero tidzifunse: kodi nzeru zathu tidzazigwiritsa ntchito yotani?