Gogo amapalasa njinga koma kuyenda wapansi kumawakanika

M'midzi ya ku Angónia ndi ku Tsangano si chachilendo kuona gogo akupalasa njinga mpaka kumsika ku Ulongue osadandaula, koma akati ayende wapansi kukafika pachitsime, amakhala pansi kawiri kapena katatu. Miyendo imalemera, ntchafu ndi akatumba zimachita dzanzi. Ena amati ndi ulesi, ena amati gogoyo anaponda mankhwala panjira. Nthawi zina vuto lonse limakhala kumsana.

Mafupa a msana anasanjikizana, ndipo pakati pake pali mphako imene mumadutsa mitsempha yotenga mauthenga kuchokera ku ubongo kupita kumiyendo. M'chiuno muli mafupa 5 otere. Munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 50, timinofu tapakati pa mafupawa timaphwa, mafupa amamera timinga, ndipo mphako ija imachepa. Mitsempha imapanikizika. Madokotala amati spinal stenosis.

Za njinga zija zili chonchi: munthu akaima chilili, mphakoyo imachepa kwambiri, akawerama kapena kukhala pansi, imatsegukako ndipo ululu umaleka. N'chifukwa chake wodwalayo amatha kupalira mbatata atawerama ndi khasu, koma pobwerera kunyumba n'kumapuma panjira. Apa ndi pamene achibale amayamba kumukayikira, pamene iye akunena zoona.

Kutemera mphini sikungakulitse mphako ya fupa. Chimathandiza ndi kuyenda pang'onopang'ono n'kumapuma, kugwiritsa ntchito ndodo, kupalasa njinga, ndi kusiyira ana ntchito yosenza matumba a chimanga. Mankhwala ochepetsa ululu amathandiza, koma ena monga ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso akamwedwa nthawi yaitali, choncho ndi bwino kufunsa kuchipatala kusiyana ndi kugula pamsika. Ochepa okha ndi amene amafunika opaleshoni yochotsa kachigawo ka fupa kuti mitsempha ipume.

Koma pali zizindikiro zosafuna kudikira kuti kukolola kuthe. Mkodzo kapena chimbudzi zikayamba kutuluka zokha, mkodzo ukakana kutuluka, pakati pa miyendo pakachita dzanzi, kapena phazi likayamba kukwakwa pansi, wodwalayo atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha ikhoza kuferatu. Ndipo msana ukamapweteka pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, akayezetse TB ya m'mafupa, imene ili ndi mankhwala ake.