Dzulo Zigawenga, Lero Otsutsa Boma

MANIAMBA — Amene amadutsa pano kuchokera ku Lichinga kutsikira kunyanja ku Metangula sadziwa kuti msewu uno unawona nkhondo ziwiri. Yoyamba inali yolimbana ndi Apwitikizi, amene anali ndi msasa wa asilikali pa Maniamba pompano. Inayamba mu 1964, ndipo m'July 1968 chipani cha Frelimo chinachita msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, m'Niassa muno. Masiku amenewo boma la atsamunda linkatcha anyamata a Frelimo zigawenga.

Ufulu utabwera mu 1975, dzina lija linasamuka. Zigawenga tsopano anali a Renamo, amene kumudzi tinkawatcha matsanga. Lamulo linkalola chipani chimodzi chokha, choncho wotsutsa analibe pokhala koma kutchire. Minda inagonera, masukulu anatsekedwa, ambiri anawolokera ku Malawi.

Chimene chinatsegula khomo ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko a m'November 1990, olola zipani zambiri. Pa 4 October 1992 a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasayina mtendere ku Rome. Chisankho cha m'October 1994 chinatsala pang'ono kusokonekera pomwe a Dhlakama anachikana tsiku loyamba, koma anabwerera. Pa mipando 250 ya nyumba ya malamulo Frelimo inapeza 129, Renamo 112. Anthu amene dzulo ankasakidwa ndi mfuti anakhala m'nyumba imodzi ndi owasaka aja.

Musaganize kuti azungu anachita bwino kuposa ife. Ku Britain, Charles Edward Stuart ataukira mfumu mu 1745, anthu ake anaphedwa pa Culloden mu 1746, popanda zokambirana.

Komatu pepala silichiritsa zonse. Mfuti zinalirabe pakati pa dziko kuyambira 2013, mpaka pangano lina la mu August 2019. Kukoka-koka kumeneko kunabala kusintha kwa malamulo mu 2018, ndipo kuyambira 2019 bwanamkubwa wa Niassa amachokera m'mavoti athu, osati kungotumizidwa kuchokera ku Maputo.

Chisankho cha 9 October 2024 chinasiya Renamo pa nambala yachitatu, kumbuyo kwa chipani cha Podemos, ndipo anthu ambiri anafa pa zionetsero zokana zotsatira zake. Achinyamata amene anaguba m'misewu aja, ambiri anabadwa nkhondo itatha.